Tsiku lobadwa la Tadala pamunda wa akufa

Tadala wanga anabadwa pa 17 Seputembala kwathu ku Mponela, ndipo ine ndinkangoti tsikuli ndi lake yekha, mpaka pamene aphunzitsi ake kuno ku Laurel, ku America, anawapatsa ntchito. Anati mwana aliyense afufuze zimene zinachitika muno mu Maryland kalekale pa deti limene iye anabadwa, ndipo amene angathe apite pamalopo ndi kholo lake akajambulitse chithunzi chodzaonetsa m'kalasi. Anzake anapeza zinthu zabwinobwino, wina za sitima ya pamadzi, wina za mpira. Wanga anapeza nkhondo. Anafika kunyumba chikwama chili pendapenda, akulankhula Chingerezi chake chothamanga chija, kuti Mom, pa tsiku langa asilikali anamenyana ku Sharpsburg kuyambira m'mawa mpaka madzulo pa nkhondo ija ya ukapolo, ndipo m'dziko muno simunakhale tsiku lina limene anthu anagwa ambiri chotero. Iye ankanena monyadira. Ine thupi lonse linachita tsembwe.

Tadala amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndiye mawu akewo ndiwalemba m'chathu. Anali kukwanitsa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo panali patapita nthawi yaitali asakundiuza za kusukulu. Zinayamba tsiku limene ndinapita kumsonkhano wa makolo n'kumangovomera chilichonse chimene aphunzitsi ankanena, ndikumwetulira, pamene iwo ankandifunsa mafunso. Ine sukulu ndinalekezera sitandade seveni. Chichokereni tsiku limenelo zonse za kusukulu zinkapita kwa bambo ake. Koma ulendo uno anabwera kwa ine kukhitchini, n'kundigwira chitenje.

"Dad adzayendetsa galimoto, koma pachithunzipo ndikufuna inu. Si ndinu munandibereka tsiku limenelo?"

Ndinavomera ndisanaganize n'komwe. Abale, mwana atabwerera yekha m'manja mwako ungakane?

Chaka chimenecho tsikulo linagwera Loweruka. Lachisanu bambo ake anaimbiridwa foni kuchokera kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, kuti mnzawo wadwala, agwire mashifiti awiri. Sakanakana. Anakambirana ndi a Mwale, mnzawo wa ku Ntcheu amene timapemphera naye limodzi. A Mwale ali ndi kaminibasi kakalekale, ndipo Loweruka lililonse amanyamula amayi amene amakagona kuntchito m'nyumba za okalamba kutali ndi tawuni, aliyense n'kusonkha ya mafuta. Anati akawatula a Beauty, mmodzi wa amayiwo, ku Middletown, ku Sharpsburg n'kufupi, atifikitsa, ife tingoikapo madola makumi atatu.

M'mawa mwake apongozi anga anaimba foni kuchokera ku Dedza kuti amufunire mdzukulu wawo mafuno abwino. Tadala anawafotokozera zonse, Chichewa chake chothyokathyoka chija, kenako anandipatsa foni kuti agogo akufuna inu.

"Mayi a Tadala, ndamva bwino? Mukupita kumanda ndi khanda?"

"Si kumanda kwenikweni amayi, akuti ndi munda chabe."

"Pamene panafera anthu n'kukwiriridwa pomwepo inu mukuti munda? Kwanu ku Mponela mayi wa khanda amafika kumanda? Satsala pasiwa? Mphatso liwombo lidakali kugunda. Chabwino, pitani, ndinu a ku America. Koma akakadwala musandiimbire ine."

Foni inaduka. Ndinayang'ana Mphatso, wa miyezi inayi, atagona pabedi timanja tili m'mwamba. Womusiyira panalibe, amayamwa bere lokha, botolo amalilavula. Ndinayang'ana Tadala, atavala kale diresi lake lachikasu, akupukuta nsapato ndi tishu. Ine ndimapemphera, ndimayimba kwaya, koma zimene ndinakula nazo sizinatsale pabwalo la ndege. Kwathu mwana akadwala usiku mumathamanga naye panjinga, ndipo ena ndinawaona akubwerako ndi nsalu yokha. Ndinavala, n'kulongedza matewera, koma mumtima ndinkapemphera pemphero limodzi loipa, lakuti tisafike.

A Mwale anafika akuimba hutala ngati ali ku depoti. Vuto loyamba linali kampando ka mwana. Ine ndinkafuna kumufukata Mphatso pachifuwa, iwo anakana.

"Alamu, kuno si ku Mponela. Akatigwira, chindapusa chake mukagulitsa mbuzi zonse za apongozi anu."

Anamangirira kampandoko, akutuluka thukuta, lamba akukana kulowa, ndipo ine sindinawathandize ngakhale ndimadziwa kamangidwe kake. Ndinangoima chikwama chili m'manja. Tadala ndiye anakwera n'kuwaonetsa pokanikiza, kanangoti khetye.

Ku Greenbelt tinadikira a Beauty pabwalo la magalimoto mpaka Mphatso anagona n'kudzuka. A Mwale akawaimbira, iwo amati ali pamasitepe. Akawaimbiranso, ali pamasitepe pomwepo. Tadala ankangoyang'ana wotchi ya m'galimoto. Ine ndinkati chedwani mayi, chedwani. Kenako anatulukira, mayi wa ku Lusaka wathupi lake, zikwama ziwiri, wigi ili m'manja, kontena ya kapenta m'khwapa, foni ataipanikiza ndi phewa.

"Imwe ba Mwale, muliza foni monga nyumba yapsa! Munthu asasambe?"

"Mwasamba kuyambira dzulo, mayi."

"Nkhalamba yanga ifuna munthu wonunkhira, osati monga motoka yanu iyi."

Atamva kuti Tadala akukwanitsa zaka anamutsina tsaya n'kumuimbira nyimbo ya tsiku lobadwa ndi mawu aakulu osagwirizana, mpaka mwana anaseka. Ananditembenukira.

"Manje party ili kuti, amake Tadala?"

"Tikupita kukaona malo a kusukulu," ndinatero, n'kuyang'ana pawindo.

Tinalowa mumsewu waukulu wozungulira Washington, magalimoto ali bumpha kwa bumpha, kuyenda pang'ono, kuima, kuyenda pang'ono. Ine msewu umenewu ndimauopa, malole ake amadutsa ngati akuphwasula nyumba, koma tsiku limenelo ndinaukonda. Titakhotera msewu wa ku Frederick njira inatseguka, a Mwale anaponda moto, Rockville inadutsa ngati mphepo. Tikuyandikira Gaithersburg ndinati, "Alamu, pepani, mwana wadziipitsira. Tiime penapake."

Anaima pomwetsera mafuta. Ndinalowa kuchimbudzi ndi Mphatso, ndipo Tadala anabwera pambuyo atanyamula chikwama cha matewera, kuti andithandize. Ndinamuuza kuti adikire panja, iye anali atalowa kale. Ndinamugoneka mwana pakathabwa kosinthira kaja, n'kumasula thewera.

"Ndi louma, Mom."

"Lanyowa pang'ono m'kati."

Anayang'ana thewera, n'kuyang'ana ine. Anangondipatsa latsopano, ndipo ine ndinataya thewera labwinobwino m'bini, mwana wanga akuona.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine titabwerera m'galimoto ndinati mwana ayambe wayamwa, poti tikamayenda saloledwa kuchoka pakampando. A Mwale anazimitsa injini, n'kutuluka kukaima chapatali mwaulemu. Mphatso sanali ndi njala. Ankangoseweretsa bere, kuligwira, kulisiya, kundisekerera. Ndinamufunditsa nsalu kuti ena asaone kuti sakuyamwa. A Beauty anavala wigi yawo pagalasi, anaidzola mafuta, anadya kapenta pang'ono ndi zala, kenako anati, "Uyu mwana akumwa olo akuwerenga nyuzi?" Ndinaseka nawo kuseka kwa mano okha. Tadala anali atatsegula kabuku kake ka zithunzi za asilikali pamiyendo, koma tsamba silinkatembenuka.

Tinadutsa Germantown, tinadutsa Clarksburg, nyumba zinayamba kuchepa, mitengo kuchuluka. Ndiye mwadzidzidzi kunamveka phuu, galimoto inayamba kuvina, a Beauty anakuwa dzina la Yesu, kontena ya kapenta inagubuduka, ine ndinadzigwetsa pakampando ka Mphatso n'kumuphimba ndi thupi. A Mwale analimbana ndi chiwongolero mpaka tinaima m'mphepete mwa msewu. Tayala lakumbuyo linali litang'ambika ngati nsanza.

Tinatsika tonse. Malole ankadutsa pafupi mpaka chitenje kumauluka. A Mwale anatulutsa jeke ndi katayala ka sipeya, kakang'ono ngati ka wilibala, anakayang'ana, anapukusa mutu.

"Aka sikangakwere mapiri a kutsogoloku. Alamu, mwina tingowatula a Beauty basi, ife tibwerere. Tadala adzapita tsiku lina."

Sindinafune kuti zituluke pakamwa. Zinatuluka zokha, motsitsa, ngati mpweya.

"Zikomo Ambuye."

A Mwale sanamve, anali atagwada pansi pa galimoto. A Beauty ankatola kapenta. Koma Tadala anali ataima pambali panga penipeni, ndipo ndinaona kankhope kake kakutembenukira kwa ine pang'onopang'ono. Ndinafuna kunena kuti ndikuthokoza poti sitinavulale.

Tili chomwecho ndinaona magetsi ofiira ndi abuluu akuthwanima kumbuyo kwathu. Mapepala anga adakali m'njira, loya akuti tidikire, ndipo ine ndikangoona yunifolomu ndimaiwala ndi dzina langa lomwe. Ndinayamba kuwerengera zolakwa: mwana ndamuchotsa pakampando, mwina n'zoletsedwa, mwina a Mwale saloledwa kunyamula anthu, mwina andifunsa chiphaso. Anatsika wapolisi wamkazi, mfuti m'chiuno, ndipo ine ndinamukumbatira Mphatso mpaka analira. Wapolisiyo analankhula akuloza chitsulo cha m'mphepete mwa msewu.

"Akuti tidumphe chitsulocho tikaime pa udzu, pano n'poopsa," anatero Tadala, osandiyang'ana.

Tinadumpha. Wapolisiyo anaika timoto tofiira pamsewu kuti magalimoto azipatuka, n'kubwera kudzaima nafe a Mwale akumanga tayala. Anamuseweretsa Mphatso kaphazi. Anafunsa Tadala kumene tikupita, ndipo Tadala anafotokoza, za tsiku lobadwa, za kusukulu, za chithunzi. Mayiyo anasangalala, anati iyenso bambo ake anapita naye kumeneko ali mwana. Tadala ankandimasulira chilichonse, mawu ake ali ozizira ngati akuwerenga. Kenako wapolisiyo anandiyang'ana ine, n'kumuuza Tadala kanthu kena akumwetulira. Ako Tadala sanamasulire. Koma Chingerezi chochepacho ndili nacho. Wapolisiyo anati uli ndi mayi wabwino.

Ndikanakonda akanandifunsa mapepala.

Tinayenda pang'onopang'ono ndi katayala kaja mpaka ku Frederick, magalimoto onse akutipitirira. A Mwale anapeza malo ogulitsa matayala, eni ake anawauza kuti pali anthu ena patsogolo, tidikire. Tinakhala m'kachipinda konunkha labala, mipando yolimba, TV ikuonetsa anthu akuphika, makina a khofi akudontha. Dzuwa linali litapendeka kale. A Beauty ankaimbira mwana wa nkhalamba yawo, mawu atasintha kukhala ofewa achizungu, akupepesa, akuseka, koma akangodula foni ankatukwana tayala, msewu, a Mwale ndi makolo a amene anapanga galimotoyo. Tadala anakhala pampando wakutali, pafupi ndi chitseko, miyendo ikulendewera. Ndinamugulira tchipisi pamakina. Anati zikomo n'kuziika pambali osatsegula.

A Beauty anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasendera pafupi.

"Amake Tadala, nimuona kuchokera ku Greenbelt. Thewera, bere, thewera. Ni chani? Muli na nkhongole ku Sharpsburg?"

Ndinayesa kunong'ona. Ndinawauza za apongozi, za liwombo, za kuti kwathu khanda silifika kumanda. Ndinaiwala kuti a Beauty sadziwa kunong'ona.

"Awe! Muyopa bantu bamene banafa kudala, bambuye banu basanabadwe? Ine last month nkhalamba ina inafera pamanja panga apa, nayisambika, nayivalika, nakwera motoka nayenda kunyamula muzukulu wanga. Adwala? Ali na matako so! Imwe mwavutisa mwana tsiku lonse chifukwa cha bazungu bakufa?"

"Tsitsani mawu, chonde."

"Bakufa ba kuno sibaziba na Chichewa, bazamupeza bwanji mwana wanu?"

Anaseka mpaka wigi kupendekeka. Bambo wina wachizungu amene ankadikiranso tayala anaseka nawo osadziwa chimene chikusekedwa. Ine ndinayang'ana kuchitseko. Tadala anali atamva zonse, kuyambira koyamba. Anatsika pampando, anadutsa pamaso panga ngati palibe munthu, n'kupita kwa a Mwale amene ankalowa akupukuta manja.

"Ankolo, tikawasiya anti tibwerere kunyumba. Ndikauza aphunzitsi kuti galimoto inawonongeka. Si bodza."

"Tayala akumanga, mwana wanga, tikhoza kufika dzuwa lisanalowe."

"Ayi. Mom sakufuna. Ankangofuna tichedwe. Ndikanangodikira Dad."

Sanalire. Akanalira mwina ndikanamunyamula, ndikanamupukuta, zikanatha monga zimathera. Koma analankhula ngati munthu wamkulu amene watseka nkhani, ndipo ndinadziwa kuti tikabwerera pamenepa mwana uyu sadzandigwiranso chitenje kukhitchini. A Mwale anayang'ana pansi. A Beauty kuseka kunawathera.

"Alamu," ndinatero, "tipitirire."

"Mwatsimikiza?"

"Tipitirire."

Tadala sanatembenuke. M'galimoto anakakhala kumbuyo kwenikweni yekha.

Ku Middletown tinawatula a Beauty pa nyumba yoyera yokhala ndi mbendera pakhonde. Anatsika ndi zikwama zawo, kenako analowetsa mutu pawindo langa, ulendo uno motsitsa ndithu.

"Musanikwiyire, amake Tadala, pakamwa panga ni so. Naine amayi banga sibanganivomeleze. Yendani chabe." Atafika pamasitepe anatembenuka n'kukuwa, "Mukapeza vipuku muvipase moni!"

Vipuku ndiye mizukwa. A Mwale anaseka pang'ono, anaona kuti akuseka okha, analeka.

Kuchoka apo msewu unayamba kukwera phiri, wokhotakhota, ndipo tinatsekeredwa kumbuyo kwa thirakitala imene inkayenda ngati ikupita ku ukwati. M'mawa ndikanaidalitsa. Tsopano ndinkaikankha ndi maso, ndikuyang'ana dzuwa, ndikuyang'ana pagalasi kuti ndione Tadala. Anali atatsamira windo, kabuku katatsekedwa. Ku Boonsboro tinakumana ndi magalimoto ambirimbiri akubwerera, anthu amene anakakhala pamwambo wokumbukira tsikulo, ndipo pakona ina ndinaona bambo wandevu atavala zausilikali zakalekale zabuluu, akunyambita ayisikilimu. Sindinamvetse. Ndinafuna kumufunsa Tadala koma ndinaopa kuti sandiyankha.

Ine ndinali ndi nzeru yanga yomaliza. Ndinkati tikafika ndiona mitengo yowirira, monga manda amakhalira, ndiona chipata, ndiye ndidzaima kunja kwa chipatacho ndi Mphatso, a Mwale atijambule pomwepo, aliyense apeze zake. Ndiye ndinkayang'anitsitsa kutsogolo, kufuna mitengo, kufuna chipata. Sindinazione. Tinangokhota kamsewu kakang'ono pakati pa minda, mipanda ya mitengo yopingasa, mizinga yakale apa ndi apo, zipilala za miyala. Kenako chimanga. Chimanga chenicheni, chachitali, chayamba kuuma, ngati cha kwathu mwezi wa Epulo. A Mwale anaima pakabwalo koimika magalimoto pafupi ndi mundawo n'kuzimitsa injini.

"Kumandako kudakali kutali?" ndinafunsa.

Tadala anayankha kuchokera kumbuyo, mawu ake oyamba chichokere ku Frederick.

"Ndi pano. Anafera m'chimangamo, ndi pamsewu apa, ndi konse tadutsa kuja. Ambiri anawachotsa n'kukawaika kutawuni. Ena akuti sanawapeze."

Ndinayang'ana pansi pa mapazi anga, ngati ndingaone kupyola chitsulo cha galimoto. Ndiye kuti khanda langa ndinali nditalowa nalo kale, osadziwa, osapempha, ndi nsapato, ndi injini. Ndipo wina amalima pamenepa, amakolola, wina amadya. Mphatso anali maso, akuyamwa chibakera chake.

"Ankolo, ingojambulani chimangacho pawindo," anatero Tadala. "Zikwana."

Ndinamasula malamba a kampando. Ndinatsegula chitseko, ndinaponda pansi, ndinawerama n'kumuponya Mphatso kumsana, kumumanga ndi nsalu mfundo ziwiri. Ndinakonza chitenje, ndinafunda mpango kumutu. Sindinamuitane Tadala. Ndinayamba kuyenda kulunjika kumpanda wa mundawo, masamba a chimanga akuchita phokoso lija louma ngati anthu ambiri akunong'onezana. Panali anthu ochepa otsalira, agogo awiri ogwirana manja, bambo wina wa kamera yaikulu, atsikana atatu akudzijambula pamzinga.

Nditafika pampanda ndinalephera kungoima ngati ndafika pamsika. Kwathu malo otere sulowa osaodira. Ndinagwada pa udzu, mwana ali kumsana, n'kuyamba kuomba m'manja, kuomba kwa mphako kuja, pang'onopang'ono.

"Odi, eni ake kuno. Ife ndife alendo, tachokera kutali. Mwana wanga wamkuluyo anabadwa pa tsiku lanu, wangofuna kuona pamene munagona. Wamng'onoyu sadziwa kanthu, ndamubweretsa ndine, mumuleke. Sitikhalitsa."

Ndinamva atsikana aja asiya kuseka, kenako wina anayambanso, motsitsa. Ndinaona m'mphepete mwa diso agogo aja ataima. Ndinamva chitseko cha minibasi chikukhukhuluzika, ndi timapazi tikuthamanga pamiyala.

"Mom, dzukani. Anthu akuyang'ana."

"Ndawaona."

"Mom, chonde."

"Ndatsala pang'ono."

Ndinamaliza ndi pemphero la Ambuye, poti sindinadziwe kuti pamenepa pamafunika ziti, zakwathu kapena za kutchalitchi. Pamene ndinkadzuka, chitenje chili ndi udzu m'mawondo, sindinathe kuyang'ana munthu aliyense. Tadala anali atatembenukira kumbali, khutu lake lokha likuoneka, manja atawapinda pachifuwa. Ndinamuchititsa manyazi pamsewu, tsopano ndamuchititsanso manyazi pofika.

"Imani pamodzi msanga, dzuwa likupita," anatero a Mwale, foni ili m'manja.

Tinaima pampanda, chimanga kumbuyo. Tadala anasiya kampata pakati pathu. A Mwale anati sendera, sukukwana, ndipo anasendera mpaka phewa lake linakhudza mkono wanga. Anati mwetulirani. Ine pamalo otere sindikanatha kuonetsa mano. Kenako Tadala anayenda yekha m'mphepete mwa mpanda akuwerenga zikwangwani, ine ndikumutsatira kumbuyo, dzanja langa lili pamutu pa Mphatso, ndikumva ngati watentha, kenako ngati sanatenthe, kenako ngati watentha.

Pobwerera Tadala sanakhale kumbuyo kwenikweni, anakhala mpando wapakati, kampando ka Mphatso kali pakati pathu. Tisananyamuke a Mwale anamupatsa foni.

"Sankha chimene ndiwatumizire bambo ako. Zilipo ziwiri. China ndinajambula amayi ako atagwada, sanandione."

Ndinafuna nthaka ija indimeze ndi ine ndemwe. Tadala anayang'ana choyamba nthawi yaitali, anachikulitsa ndi zala, anapita pa chachiwiri, anabwerera.

"Cha kusukulu ndi chachiwiri, choimirira," anatero.

Ndinapuma, komabe penapake panandibaya. A Mwale analandira foni n'kuliza injini.

"Ndiye choyambachi ndifufute?"

Tadala ankamanga lamba, nkhope ili kuwindo.

"Ayi, ankolo. Chimenecho munditumizire ine."